Mbande za Dimba Lathu

Mzime analowa m'sitolo ya mbewu atakwiya kale. Anali atazungulira masitolo ena onse kufunafuna zivundikiro za mabotolo agalasi, zija zokhala ndi mphira m'kati, koma paliponse ankangomupukusira mutu.

"Zilipo kapena palibe? Mungondiuza, ndatopa," anatero asanapereke n'komwe moni.

Mnyamata wa pa kauntala anaseka. Anali wamtali, wa kampata m'mano.

"Pepanitu. Wakuputaniyo ndani, tikamumange?"

"Matimati."

"Matimati?"

"Apsa onse nthawi imodzi ngati anachita kupangana! Ndikapanda kuwatsekera m'mabotolo sabata ino, ndiwataya."

Mnyamatayo anakwera makwerero, nafufuza kuseri kwa matumba a feteleza, n'kutsika ndi katoni yafumbi. Zivundikiro mbwee! Kenako anapempha nambala ya foni, ati kuti azimudziwitsa zikafika zina.

Madzulo ake uthenga unalowa: "Mwafika bwino, a Tsabola? Mwandiwawa m'maso lero, koma sindikufuna kusukusula."

Mzime anauwerenga kawiri, naseka yekha m'khitchini.

Kwawo ankamutchula Mzime chifukwa anali womaliza kubadwa. Ankagwira ntchito pa shopu yosoka zovala, ndipo ankakhala ndi mkulu wake, namwino, m'kanyumba ka lendi. Kuseri kwa kanyumbako anali ndi kadimba ka matimati, zitheba, karoti ndi tsabola. Zikachuluka ankaziphika, n'kuzithira m'mabotolo ndi mchere ndi madzi a mandimu, n'kuwiritsa mabotolowo mumpoto waukulu mpaka zivundikiro zitagwira. Mwezi wa ndiwo zosowa ukafika, iwo ankangotsegula kabati.

Posakhalitsa wa m'sitolo uja anayamba kubwera Lamlungu lililonse. Ankakhala pa ndowa yovundikira, n'kumamuyang'ana Mzime akuthirira.

"Tsabola wanga, manja akowa ndi odalitsika. Ukhoza kudzala mwala n'kumera."

"Ndiye tadzukani mundigwirireko kheni."

"Kheni ndi yachikale, mtima wanga. Ndikubweretsera payipi yaitali. Komanso mpanda uwu wagwa, nkhuku zikukuvutitsa. Ndimanga wawaya. Mawa lomweli!"

Mawa linafika, payipi osaoneka. Sabata inatha, nkhuku za aneba zinajompha zitheba mpaka kusiya mitengo yokha.

"Bambo Mawa abwera liti ndi waya wawo?" anafunsa mkulu wake akuvula nsapato za kuntchito.

"Achemwali, musamutchule choncho. Ndi wotanganidwa."

"Eya, pakamwa pake m'potanganidwadi."

Mzime ankakwiya, koma foni ikangolira mkwiyo wonse unkasungunuka. "Ndikakhala kutali ndi iwe ndimafota ngati mbande yosathirira." Ndani akanapitiriza kukwiya atawerenga mawu otero?

Tsiku lina mnyamatayo anabwera ndi nkhani yaikulu. Anamugwira manja onse awiri, matope ndi matope omwe.

"Ndapeza nyumba. Kuseri kwake kuli bwalo lalikulu, kadimba kakoka kangalowemo kangapo. Limenelo ndi dimba lathu, Tsabola. Fesa mbande, ine ndizikawokera. Podzakulowetsa m'nyumbamo udzapeze matimati akukudikira."

Mzime sanagwire mtima. Anasankha mbewu zake zabwino koposa, zomwe ankasunga m'kabotolo ka phulusa. Ankalawirira kuthirira nazale asanapite kuntchito, n'kuifunditsa udzu kuopa dzuwa. Mbande zitakula, mnyamatayo ankazinyamula pa njinga, thireyi ndi thireyi, pamodzi ndi matumba a manyowa.

"Ndipite nawo lero ndikaone?"

"Ayi, denga likudontha, makoma sanapentedwe. Ndikufuna udzaione itakongola. Ndikulonjeza, udzalira ndi chimwemwe."

Anadikira. Anafunsanso. Anadikiranso. Kodi denga lake linali lalikulu bwanji?

Nyengo inazungulira, matimati a Mzime anapsanso onse pamodzi. Zivundikiro zakale zinali zitachita dzimbiri, ndipo mnyamatayo anamuletsa kukafuna kwina.

"Ndakusungira katoni yonse. Loweruka m'mawa ndidzakudzutsa ndine."

Loweruka Mzime ndi mkulu wake anathyola matimati onse. Anawaviika m'madzi otentha, kuwasenda, kuwaduladula mpaka mabeseni awiri kudzaza. Mabotolo anali atatsukidwa, atandandalikidwa pa tebulo. Mpoto unkabwata pa chitofu, khitchini yonse nthunzi yokhayokha.

Pa geti panali zii.

"Uli kuti?" analemba Mzime.

"Ndili m'njira, wokondedwa."

Dzuwa linakwera. Madzi anaphwa mumpoto, anawonjezera ena. Ntchentche zinayamba kuzungulira mabeseni.

"Njira yake iti? Matimati akuwonongeka!"

Uthengawo sunayankhidwe. Anaimba, foni inali yothima.

"Ndinanena ine kuti tisasende zivundikiro tisanazione," anatero mkulu wake akupukuta thukuta.

"Achemwali, chonde, osati lero!"

Anavula epuloni, n'kuthamangira kusitolo. Pa kauntala anapeza mwini sitolo, bambo wachikulire wa magalasi.

"Mnyamata uja? Sanabwere lero. Katoni ya zivundikiro anatenga dzulo, anati akupita nayo kunyumba."

"Kunyumba yatsopano ija?"

"Yatsopano? Kaya. Mukadutsa pa mlatho, mukhotere kumanzere. Geti lobiriwira."

Ali m'njira mtima unayamba kumufewa. Mwina ankafuna kumudabwitsa! Mwina lero ndi tsiku lija! Anadzikonza tsitsi, nachita manyazi ndi zala zake zofiira.

Geti linali lotsegula. Atasuzumira kuseri kwa nyumba anaima chilili. Matimati ake! Anawazindikira ngati mmene mayi amazindikirira ana ake. Anali m'mizere yowongoka, omangiriridwa ku timitengo, olemera ndi zipatso. Mozungulira munali mpanda wawaya, watsopano.

"Odi kuno," anatero.

Pakhonde panatulukira mayi wachitsikana, mwana kumsana, supuni yaikulu m'manja. Pambali pake panali mpoto, magalasi osweka, ndi katoni ya zivundikiro.

"Lowani. Tikuthandizeni?"

"Ndimafuna... mbande izi ndinafesa ndine."

Nkhope ya mayiyo inawala. Anataya supuni n'kumukumbatira.

"Alamu! Ndinu alamu anga eti? Bambo a mwanayu sakukambani pang'ono. Amati, 'Mlongo wanga ali ndi manja odalitsika.' Ndakhala ndikuwauza kuti andiperekeze ndikathokoze, iwo n'kumangozengereza. Mwabwera bwino! Taonani, mabotolo akungondiswekera. Ndikulakwitsa pati?"

Mzime anabwerera m'mbuyo. Anayang'ana mwana uja. Kamwanako kanamusekerera, mphuno ndi chipumi za mnyamata uja, zosachita kufunsa.

"Mukuika mabotolo ozizira m'madzi owira," anayankha, osadziwa n'komwe kuti mawuwo akuchokera kuti.

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka. Mnyamata uja anatuluka atavala kabudula ndi patapata, akuyasamula. Atamuona Mzime, kukamwa kunangokhala kotsegula.

"A... achemwali. Mwabwera?"

"Lero ndine mchemwali wako?"

"Tiyeni tikalankhulire panja."

"Ayi, pompano!" Mzime anatembenukira kwa mayi uja, misozi ikutsika. "Mayi, ine si mlamu wanu. Amuna anuwa anandiuza kuti ino ndi nyumba yathu, ine ndi iwo. Anati adzandikwatira. Ndinkadzuka kusanache kuthirira mbande izi ndikuti ndikuthirira banja langa!"

Mayi uja anakhala pansi pang'onopang'ono, pa sitepe.

"Bambo a mwana, n'zoona?"

"Tsabola, tamvera kaye..." anatero mnyamatayo.

Onse awiri anatembenuka.

Kenako anayang'anana. Mayi uja anaseka kaseko kowawa, kopanda mawu.

"Ngakhale dzina lomwe? Munalephera kumupezera lake?"

Mnyamatayo anayamba kulankhula zambirimbiri. Ati zinangochitika. Ati sankafuna kukhumudwitsa aliyense. Ati onse awiri amawakonda mosiyana. Palibe ankamumvera. Mwana anayamba kulira.

Mayi uja anakankha katoni ndi phazi.

"Tengani, ndi zanu."

"Zisungeni," anatero Mzime. "Matimati anuwa sanalakwe kanthu. Muziyamba mwatenthetsa mabotolo."

Anatuluka osacheuka. Ali pa mlatho foni inalira, inaliranso. Anaithimitsa.

Atafika kunyumba anapeza chitofu chitazima. Matimati m'mabeseni anali atachita thovu, fungo lowawasa khitchini yonse. Ntchito ya nyengo yathunthu! Mkulu wake anamuyang'ana kumaso, sanafunse zambiri.

"Ali ndi mkazi?"

"Ndi mwana yemwe."

Mzime anadikira mawu aja akuti ndinanena ine. Sanabwere. Mkulu wake anangomupukuta misozi ndi nsonga ya epuloni, n'kuwerama kugwira beseni mbali imodzi.

Ananyamula limodzi kupita ku dzenje la manyowa, madzi ofiira akuwatayikira m'mapazi. Ali pakati pa dimba Mzime anaima, n'kuyamba kulira mokweza, mapewa akugwedezeka.

"Achemwali, ndinali chitsiru ine!"

"Chitsiru ndi Bambo Mawa uja. Lira mng'ono wanga, lira ndithu, palibe akuletsa. Koma ukuliraku gwiritsa mbali yakoyo, beseni likundilemera."