Mbale Yoitanira Madzi

Izi sizongopeka ayi. Petronella, mayi wa ku Lusaka amene ankagwira ntchito ndi Esnat m'nyumba ina ku Greenwich, anaziona ndi maso ake.

Awiriwa ankasamalira mayi wina wachizungu wokalamba amene sitiroko inamulanda mawu. Nyumba yonse inali mbale zakalekale za ku China zokhazokha. Imodzi, yoyera ya maluwa abuluu, yojambulidwa mkazi ali pawindo akuyang'ana kumbali, inkakhala pafupi ndi bedi. Mbale zotere zikakhala zopanda mng'alu zimalira ngati belu, ndipo mayi wokalambayo akamva ludzu ankaigogoda ndi mphete. Ngiii!

Esnat kulirako kunkamunyansa. Anali wouma mtima, tisabise. Nyengo ina yotentha ananyamula mbaleyo n'kuiika pamwamba pa kabati, poti mayiyo aziiona koma osaifikira.

"Iwe, nanga akafuna manzi?" anafunsa Petronella.

"Adikire nditsirize break. Sindine galu woitanidwa ndi belu."

Loweruka usiku Esnat anagwira ntchito yekha. Kutacha mayiyo anapezeka atamwalira, milomo ili gwa, dzanja litaloza kukabati. Ana ake, posadziwa kanthu, anapatsa Esnat mbaleyo pomuthokoza, iye n'kulandira ndi manja awiri opanda ndi manyazi omwe.

Masana ena Petronella anakamuchezera ku Woolwich. M'nyumba munkanunkhira paudala wa malemu aja. Esnat anatunga madzi m'kapu.

Ngiii!

Palibe anaikhudza mbale ija.

"Wamvela?" ananong'ona Petronella.

"Ndi basi yadutsa."

Ngiii!

Esnat anayesa kumwa. Madzi anakana kutsika, anangoyenderera pachibwano. Apa mantha anamugwira. Anatembenukira kumbale kuja. Mkazi wapawindo sankayang'ananso kumbali. Ankayang'ana iyeyo. Pamilomo pake panadutsa mng'alu watsopano.

Mbale yong'aluka silira. Iyi inalira.

Esnat anatsegula pakamwa kuti akuwe, mawu osatuluka.

Madokotala anamuyeza paliponse, sanapeze kanthu. Petronella akulumbira kuti mbaleyo anakaiponya yekha mumtsinje wa Thames. Koma atakamuona Esnat kunyumba yosamalira odwala ku Ilford, anaipeza ili pamwamba pa kabati. Anamwino akuti sakudziwa anaibweretsa ndani.

Esnat amangoitambasulira dzanja, milomo ili gwa, kuti mwina aigogode munthu abwere.

Saifikira. Ndipo kumeneko silira.