Wogogoda pa Khomo Lakutsogolo

Madzulo amenewo Lucretia Pell anatsala yekha ndi mwana wake Tabitha. Mwamuna wake Azariah anali atapitanso ndi ngolo kukaolotsa akapolo othawa pa mtsinje. Bamboyo anali wachifundo kwa anthu onse a mu Kansas, kupatula a m'nyumba mwake, amene ankawasiya ndi mantha okhaokha.

Lamulo linali limodzi. Wothawa wotumizidwa ndi abale a mpingo ankagogoda kuseri, pa chitseko cha chipinda chapansi. Wogogoda kutsogolo anali nyambo. Osaka akapolo ankatuma munthu womugwira kale, iwo atabisala ndi akavalo. Ukatsegula, nyumba inkapsa ndi onse a m'katimo.

Chipale chofewa chinkagwa. Lucretia atangozimitsa nyali anamva go, go, go. Kutsogolo.

"Mayi, tsegulani." Anali mawu a mkazi, osasa. "Ine ndisalowe ayi. Mungolandira mwanayu."

Lucretia anayang'ana Tabitha ali m'tulo. Mtima unamuwawa, koma anakuwa mokweza kuti obisalawo amve.

"Choka apa! Bwerera kwa mbuye wako! Ukuyesa pano ndi pa khola?"

"Ndayenda naye kutali, mayi. Manja anga alibenso kutentha."

"Ndikumasulira agalu!"

Kenako khanda linalira, kulira kotopa. Madzi anayamba kulowa pansi pa chitseko, onunkha matope a mumtsinje. Lucretia anatseka makutu ndi shawelo mpaka kulirako kunatha.

Kutacha anasuzumira. Panalibe mapazi a akavalo. Panali mapazi a munthu mmodzi wosavala nsapato, ochokera kumtsinje, othera pakhomo pomwepo. Obwerera panalibe. Pa sitepe panagona khanda lokulungidwa m'thumba la chimanga, litauma gwa.

Azariah anafika masana, nkhope ili yakugwa.

"Tavuula mkazi wina pa doko," anatero. "Anamira sabata yatha. Wa bwato akuti ankaoloka ndi khanda, koma khandalo sitinalipeze."

Analowa m'nyumba, n'kuona thumba lija pa tebulo pamene Lucretia analiika. Analivundukula, n'kuona khandalo.

Amayi a mpingo amene anasambitsa kamtemboko ankanong'onezana pobwerera kwawo. Mayi womira uja madzi anali atamudya nkhope, koma mwanayo sanamire. Anafa ndi chisanu usiku womwewo, mkaka uli pamilomo.

"Wakufa anamusunga sabata yathunthu," anatero mmodzi. "Wamoyo analephera usiku umodzi."