Kalongonda wa Agogo a Zakeyu

Tisungane anali mtsikana wa ku Kapichi. Ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kudzala kalongonda wa agogo ake.

Agogo a Zakeyu anamwalira mwezi wa Meyi. Anasiya kalongonda kuseri kwa nyumba. Kalongonda ndi nyemba zikuluzikulu. Anayanga mumtengo wa mapeyala mpaka kunsonga.

Asanamwalire, agogo anamugwira dzanja Tisungane.

"Tisu, mbewu iyi isafe," anatero. "Ikauma uthyole. Mvula ikagwa udzale."

"Ndidzadzala, agogo," anayankha Tisungane.

Tsiku lina Tisungane ankachokera kusukulu. Anaona utsi kuseri kwa nyumba. Anathamanga. Anapeza amalume ake a Douglas, chikwanje chili m'manja. Amalumewa anakulira ku Limbe. Anangobwera kudzacheza.

"Ndakuchotserani chitedze chija," anatero amalume, uku akumwetulira. "Chikanakuyabwani nonse pano."

"Si chitedze!" anakuwa Tisungane. "Ndi kalongonda wa agogo!"

Tisungane anafukula phulusa ndi kamtengo. Anafukula apa. Anafukula apo. Sanapeze ngakhale nyemba imodzi. Zonse zinali makala.

Tisungane anakwiya. Anakwiya kwambiri. Ndipo ndani sangakwiye? Munthu wamkulu, ndevu zake zonse, osadziwa kalongonda! Osafunsa n'komwe!

"Pepa, Tisu," anatero amalume.

"Pepa sadzala!" anayankha Tisungane.

Tsiku limenelo sanadye. Mawa lake sanawapatse moni. Amayi ake, a Lestina, anamukhazika pamphasa.

"Agogo ako sankadya okha," anatero amayi. "Mbewu ankagawira abale. Iwe ndi amalume ako pitani mukafunse."

Loweruka amalume anabwereka njinga. Tisungane anakhala pakaliyala, milomo ili tu! Anadutsa m'minda ya tiyi. Anakwera chitunda. Anatsika chitunda.

Anafika kwa a Dora ku Nchilamwela. A Dora anali msuweni wa amayi.

"Muli nayo mbewu ya agogo?" anafunsa Tisungane.

"Iii, mwanawe, ndinaphika yonse chaka cha njala," anatero a Dora. "Yesani kwa a Crispin."

"A Crispin ndi ndani?" anafunsa amalume.

"Simuwadziwa? Mwana wa achemwali a Zakeyu!"

Tisungane anawayang'ana amalume ndi diso lofiira.

"Kalongonda simumudziwa," anatero. "Abale simuwadziwa. Nanga mumadziwa chiyani?"

Amalume anangokanda m'mutu.

Anakweranso njinga. Anakwera chitunda. Anatsika chitunda. Anawapeza a Crispin akunola mpeni wodulira tiyi.

"Muli nayo mbewu ya agogo?" anafunsa Tisungane.

"Yanga anatha anankafumbwe," anatero a Crispin. "Yesani kwa a Eunice kuesiteti ya tiyi. Agogo awo ndi agogo anga anali pachibale, mimba imodzi."

Tisungane anaponda pansi mwamphamvu. Fumbi linati buu! Nyumba ziwiri, mbewu palibe. Kumwamba mitambo inayamba kuda. Mvula inali pafupi. Misozi inalengeza, koma mkwiyo sunathe.

A Eunice anali m'munda, dengu lili kumsana. Ankathyola tiyi ndi manja onse awiri. Tisungane ndi amalume anadikira. Anadikira mpaka a Eunice anapereka tiyi wawo pasikelo.

"Muli nayo mbewu ya agogo a Zakeyu?" anafunsa Tisungane.

A Eunice anawatengera kunyumba kwawo. Analowa. Anatuluka ndi botolo lodzaza phulusa. Anakhuthulira m'lichero. M'phulusamo munali nyemba zikuluzikulu.

Tisungane anatambasula dzanja. A Eunice anabweza lichero.

"Dikira kaye," anatero. "Mbewu iyi sitipatsa mlendo. Ukudziwa kumene inachokera?"

"Kwa agogo a Zakeyu."

"Nanga iwo anaitenga kuti?"

Tisungane sankadziwa. Amalume sankadziwanso.

"Khalani pansi," anatero a Eunice. "Mayi a Zakeyu anali a Muhaliwa. Anachokera ku Mozambiki wapansi, ndi mng'ono wawo. Anawoloka mtsinje wa Ruo madzi ali m'chiuno. Analibe mbuzi. Analibe khasu. Anali ndi kalongonda yekha, womanga pamfundo ya nsalu. Mng'ono wawoyo ndiye agogo anga. Mwana aliyense akakula, ankapatsidwa mbewu. Tsono ndiuze, ndikupatsa ndani?"

Tisungane anaimirira.

"Ndine Tisungane," anatero. "Mwana wa a Lestina. A Lestina mwana wa a Zakeyu. A Zakeyu mwana wa a Muhaliwa."

"Eyaa! Ndiwe wathu," anatero a Eunice.

Anamuikira nyemba zisanu m'manja. Tisungane anazifumbata zolimba. Mtima wake unakhala pansi.

Amalume anatsokomola pang'ono. Anagwada. Anatambasula manja onse awiri.

"Ndine Douglas," anatero chapansipansi. "Mwana wa a Zakeyu. A Zakeyu mwana wa a Muhaliwa. Koma ine ndi amene ndinaotcha."

"Mlandu wake ndi wa mwanayu," anatero a Eunice. "Aweruze yekha."

Tisungane anayang'ana nyemba zake. Anayang'ana amalume. Anaganiza nthawi yaitali. Kenako anasankha imodzi, yaying'ono kuposa zonse.

"Iyi mukadzale ku Limbe," anatero. "Muziyang'ana tsiku lililonse, kuti muidziwe. Mukaotchanso, ndikakunenezani kwa abale onse. Tsopano ndikuwadziwa!"

A Eunice anaseka mpaka kugwira nthiti. Amalume anaika nyembayo m'thumba la malaya. Anamanga batani.

Mvula inagwa Lachiwiri. Amalume anakumba maenje anayi. Amayi anaimika mitengo yoyangira. Tisungane anagwada m'matope. Anaponya nyemba imodzi m'dzenje lililonse. Anakwirira bwinobwino ndi manja ake.

"Agogo," anatero, "ndadzala."