Mzere Wokhota

Bambo anadzandira pa sitepe yachisanu ndi chimodzi. Mafunso anawawakha asanafike pansi, ndipo onse awiri anatsamira khoma akupumira m'mwamba.

"Tiyambirenso, bambo. Atsala anayi okha."

"Mwanawe, undipha usanandichiritse," anatero bambo akuseka. Mawu awo ankatuluka molemera ngati a munthu woledzera, chonsecho mowa sanaulawepo chibadwire.

Dzina loti Mafunso anamupatsa ndi aphunzitsi ake, poti mtsikanayu sankalola chinthu kumudutsa osachifunsa. Koma kunyumba kunali funso limodzi losaloledwa. Agogo aamuna anayamba ndi kudzandira, kenako kapu inkawapulumuka, mapeto ake ngakhale madzi ankawatsamwa. Azakhali chimodzimodzi. Pabanjapo matendawa analibe dzina, ankangoti "kutopa". Agogo anatopa, azakhali anatopa, bambo angotopa pang'ono. Zaka zisanu zinatha bambo akungotopa pang'ono, mpaka makina awo osokera anavundikiridwa nsalu.

Mafunso ndi amene anawakakamiza kupita kuchipatala. Kumeneko anauzidwa kuti ndi matenda osowa, otengera kwa makolo, owononga ubongo pang'onopang'ono, ndipo mankhwala ake kulibe. Miyezi itatu mtsikanayu anakakamira pa foni ya achimwene ake, kusaka komwe akuyesa mankhwala atsopano. Kwina kunali kutali kosafikika, kwina anatseka kale, ena sankayankha n'komwe. Atatsala pang'ono kutaya mtima, yankho linabwera kuchokera kuchipatala chachikulu: ankafuna odwala otha kuyenda masitepe khumi pamzere popanda wowagwira.

Mzere wophunzirira pakhonde anaujambula ndi achimwene akewo, omwe ntchito yawo inali yolemba zikwangwani za masitolo.

"Mmisiri wanji inu? Mzere wakhota ngati mchira wa galu," anawaseka Mafunso.

"Simenti yake ndiye yokhota," anayankha mwaukali, akubisa dzanja m'thumba. "Ndipo usiye kuvutitsa bambo. Anthu amenewo akungofuna makoswe oyesera mankhwala."

Komabe tsiku litafika achimwene anapita nawo, poti panafunika wamphamvu wokweza bambo m'basi. Bambo anavala jekete lomwe anasoka okha kalekale. M'chipinda choyeseramo kuchipatalako munali mzere wachikasu, wowongoka bwino, ndi dokotala wamkazi atagwira cholembera. Mafunso ankawerenga masitepe a bambo chamumtima. Pa sitepe yachisanu ndi chiwiri bambo anagwira khoma.

"Kunyumba amafika naini, adokotala," ananama Mafunso, misozi ili m'maso. "Aloleni ayesenso."

Anayesanso, nafika pachinayi.

"Pepani kwambiri," anatero dokotala. "Mankhwalawa sitikudziwa ngati amagwira, n'chifukwa chake tikuwayesa. Ndipo tikuwayesa mwa anthu amene matenda angowayamba kumene. Zaka zitatu zapitazo tikanakulandirani, bambo. Kaya alipo wina pabanja amene wayamba kuona zachilendo m'thupi?"

"Palibe," anayankha msangamsanga achimwene.

Anatuluka n'kukhala pabenchi panja pa chipindacho. Mafunso anamva kuwawa kosaneneka: miyezi yonse ija, maondo a bambo kusupuka pasimenti, zonse zapita pachabe. Kenako bambo anakoka mkono wa shati ya achimwene, womwe unali lendelende.

"Ine ndine telala, mwanangu. Miyendo inandikana, koma maso ayi. Mabatani a m'mikonowa unasiya liti kumanga?"

"Kukutentha, bambo."

"Nanga mzere uja? Inenso ndinkati makina ndiwo akukhotetsa msoko. Ndinasintha singano kokwana, ndikunamiza amako."

"Palibe chilichonse, ndangoto—"

Liwulo linawathera pakamwa. Mafunso anayang'ana dzanja la achimwene ake, lomwe linali kunjenjemera pabondo, ndipo anachita manyazi pokumbukira mchira wa galu uja. Iye wofunsa zonse anali asanafunse chinthu chomwe chinali pamphuno pake.

"Akakadziwa, adzandipatsanso ntchito ndani?" anatero achimwene, akulira ngati mwana. "Ndipo mwamva nokha, mwina mankhwalawo sagwira n'komwe."

"Mwina sagwiradi," anavomera bambo. "Koma ine khomo lija landitsekekera. Iwe likadali lotsegula."

Achimwene anapukuta nkhope. Kenako anaimirira, nagogoda pachitseko cha dokotala.

Chitseko chinatsala chosatsekeka bwino, ndipo Mafunso anawerenganso. Achimwene anapendekeka pachisanu ndi chitatu, koma anafika pa khumi. Palibe amene anaomba m'manja. Namwino anabweretsa mapepala ambiri, ndipo dokotala anayamba kufotokoza kuti padzafunika kuyeza magazi kaye, kuti ena adzalandira mankhwala enieni pomwe ena ayi, komanso kuti sakulonjeza kanthu.

Pabenchi paja Mafunso anatambasula dzanja lake, nalipenyetsetsa. Anali atawerenga kuti mwana aliyense wa wodwala atha kutengera kapena ayi, ngati kuponya ndalama m'mwamba.

"Bambo, langali likunjenjemera?"

Bambo analigwira ndi manja awo onse awiri, ndipo sizinadziwikenso kuti lonjenjemera ndi la ndani.

"Sindikudziwa, mwanangu," anatero. "Koma likadzayamba, usadzanene kuti watopa."