Chala cha Gleb pa Nkhope ya Siliva

Ndasunga majasi a alendo pakhomo la myuziyamu yathu ku Petersburg kwa zaka makumi atatu, ndipo sindinaonepo banja lokoma ngati la Taisiya Markovna ndi mwamuna wake Gleb. Taisiya ankayang'anira zithunzi zakale kwambiri za dziko lathu, zija zojambulidwa pa timbale ta siliva. Gleb ankawotcherera zitsulo kudoko. Lachisanu lililonse ankabwera kudzamutenga mkazi wake, atafumbata mabanzi a kabichi otentha.

"Azakhali a Klava," ankatero pondipatsa limodzi, "kauzeni asayansi anga kuti mwamuna wawo wauma ndi chisanu."

Taisiya ankatsika masitepe akuseka. Tonse tinkasirira.

Chithunzi cha siliva chili ngati kalilole. Ukaimira patali umangodziona wekha. Nkhope ya wojambulidwayo imatuluka pokhapokha ukaweramira pafupi n'kupendeketsa kambaleko, choncho anthu awiri akafuna kuionera pamodzi amagundanitsa mitu. Komanso galasi lotchinga likachotsedwa, kungokhudza ndi chala nkhope ija yapita, ndipo palibe inzake padziko lonse.

Chaka china Taisiya anapeza m'bokosi loiwalika chithunzi cha mayi wina, kapolo wa pamunda wa bwana, wopanda dzina, atadzutsa chibwano ngati akufunsa kuti mundichita chiyani. Galasi lake linali litayamba kuwonongeka. Akuluakulu anaitana katswiri wa ku Kazan, Rinat Ildarovich, bambo wandevu, wofatsa, wa ana atatu, kuti adzalisinthe. Awiriwo ankadzitsekera m'chipinda chokonzera poopa fumbi.

Apa m'pamene analowerera Nonna, mlonda wa chipinda chachitatu, mayi amene pakamwa pake sipazizira. Anasuzumira pakawindo ka chitseko, ndipo Lachisanu lotsatira anamukokera Gleb pambali, ine ndikumva.

"Ine sindinanene kanthu, Gleb. Ndangoona mitu iwiri itaphatikana, chitseko chili chokiya. Mwina ndi ntchito. Masiku ano ntchito zilipo zamitundumitundu."

Gleb anaseka, koma mabanzi aja anabwerera nawo m'thumba. Ndimadana ndi anthu oyankhula motero. Amayatsa moto kenako n'kupinda manja ngati angodutsapo.

Kuyambira pamenepo nyumba ya Taisiya inasanduka bwalo la milandu. Gleb ankamununkhiza tsitsi, ankawerenga mauthenga a m'foni mwake, ankaima tsidya la msewu kudikira kuti aone atuluka ndi ndani. Zonsezi Taisiya anandiuza yekha. Lamulungu lina m'mawa, tiyi ali patebulo, Gleb anamuikira pepala ndi cholembera.

"Lemba kuti wasiya ntchito."

"Wapenga kodi?"

"Kudoko konse akundiseka! Mumakiyiranji chitseko?"

"Fumbi, Gleb. Ndakuuza kangati?"

"Fumbi lake ndi la ndevu lija?"

"Tamvera. Munthu uja sanandigwirepo ngakhale chala. Bwera mawa, uvale magolovesi, ndikuonetse mayi amene tikumupulumutsa."

"Sindikufuna mayi wakufa. Sankha, ine kapena zithunzi zako."

Taisiya anang'amba pepala lija pakati n'kuikapo kapu yake.

"Ndinakwatiwa nawe, sunandigule. Ntchito sindisiya, ngakhale ulire magazi."

Ena amati akanangogonja, lero kukanakhala mtendere. Bodza lenileni! Munthu wansanje ukamupatsa ntchito yako, mawa afuna anzako, mkuja afuna maso ako. Taisiya sanalakwe, ndipo ndidzanena zimenezi mpaka ndidzalowe m'manda.

Lachitatu masana Gleb anatulukira pakhomo, chipale chofewa chili mbuu pamapewa. Kwathu kuno palibe amene amalowa m'myuziyamu atavala jasi, ngakhale nduna. Iye anangondidutsa.

"Jasi, Gleb! Siya jasi!" ndinakuwa.

Sanacheuke n'komwe. Ndinamutsatira ndi maondo angawa, koma pomwe ndinkafika anali ataphwanya kale chitseko ndi phewa. Tsiku limenelo galasi lakale linali litachotsedwa, kambale kali pamtunda, Taisiya ndi Rinat atakaweramira. Kuchokera pamene anaima Gleb, sanaone mayi aliyense. Anaona nkhope ya mkazi wake ndi ya Rinat zitagundana m'siliva wonyezimira.

"Chithunzi chake chili kuti? Ndi kalilole uyu! Mukudziyang'anira pakalilole ngati akwati!"

"Gleb, usakhudze!"

Gleb anatsindika chala chachikulu pakati pa kambaleko n'kupukuta.

"Bambo, chonde, dzanja lanu!" anatero Rinat, akumugwira mkono.

Patebulo panali mwala wopsinjira mapepala. Gleb anautola n'kumumenya nawo pamwamba pa khutu, kamodzi kokha. Rinat anafera m'ambulansi, magolovesi oyera akadali m'manja.

Kukhoti ndinapita kukachitira umboni. Nonna anati sakukumbukira chilichonse. Loya wa Gleb anayesa kumuunjikira Taisiya mlandu.

"Taisiya Markovna, mukanamvera amuna anu n'kusiya ntchito, malemuwa bwenzi ali moyo. Si choncho?"

"Akanasiya mwala patebulo, bwenzi ali moyo," anayankha. "Ine ndinali pantchito, ndipo Lolemba ndibwererako. Mukufuna ndiweramitse mutu chifukwa chiyani? Manyazi si anga."

Mkazi wa Rinat, amene anayenda ulendo wonse kuchokera ku Kazan, anadzuka n'kukakhala pambali pa Taisiya. Woweruza anagamula zaka khumi ndi chimodzi. Apolisi akumumanga unyolo, Gleb anatembenuka, nkhope itagwa.

"Taisiya, munalidi munthu m'kambale muja?"

"Analimo. Anapirira ukapolo, nkhondo ndi chinyontho cha m'bokosi. Anadzathera pa chala chako."

Nsanje imayang'anira patali, ndipo imakana kusendera pafupi ngakhale waiitana. Gleb anaitanidwa kuti adzaone, koma anakhulupirira zimene anaona ataima pakhomo, ndipo ana atatu a ku Kazan alibenso bambo.

Akuluakulu ankafuna kambaleko kabwerere m'bokosi. Taisiya anakana kwamtuwagalu. Anakaika pakhoma m'chipinda chachitatu, moyang'anizana ndi mpando wa Nonna. Mukaweramira pafupi mumaona manja a mayi uja, mpango wake ndi chibwano chodzuka chija. Pamene panali maso pali mzere wa chala, ndipo amene wayang'anapo amadziona yekha. Nonna wapempha katatu kuti amusinthe chipinda, koma Taisiya, yemwe ndiye wovomereza, sanasainebe pempholo.