Seva Yomwe Sinamve za Maliro

Patapita masiku asanu ndi anayi chiikireni Imrani m'manda ku Rustenburg, ku Joni, foni ya mkazi wake ku Mangochi inalira mbandakucha. Uthenga unali womwe uja wa masiku onse: "Imrani watuluka bwino mumgodi."

Mkaziyo, Rukia, anaimbira Safina, mlongo wake wa malemuyo. Safina ndiye ankayang'anira makompyuta pakampani ina yaing'ono ya ku Zinniaville yotumiza anthu aganyu kumigodi. Munthu akadinda chala pageti potuluka, seva yake, makina osunga mayina a antchito, inkatumiza mawu amenewo kwa achibale. Safina anapepesa, nalumbira kuti dzina la mchimwene wakeyo analifufuta yekha, misozi ili m'maso.

Mawa lake uthenga unabweranso. Tsiku lachitatu chimodzimodzi.

Rukia mtembo sanauone, pakuti Asilamu sagoneka maliro ndipo Joni ndi kutali. Tsono anthu, amene sasowa chonena, anayamba manong'onong'o. Ena ankati Imrani watchona, wapeza mkazi wa Chitswana ndipo abale ake angomunamizira imfa. Ena ankati mzimu wake ukukumbabe pansi. Rukia, yemwe anali atayamba kale kubindikira monga achitira wamasiye, ankafuna yankho limodzi lokha: ndi wamasiye kapena ayi?

Usiku wachinayi Safina anatsala yekha m'kachipinda ka makina. Munali kuzizira kolowa m'mafupa, ndipo mafani ankalira ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini. Kompyuta yeniyeni inali imodzi, koma m'kati mwake ankayendetsamo maseva anayi osaoneka ndi maso, iliyonse ikudziyesa makina paokha. Anafufuza onse anayi. Imrani munalibe.

Cha m'ma thuu koloko magetsi anathima. Kunja agalu anasiya kuuwa, mumdimamo ankangomva kupuma kwake. Jenereta itadzuka, maseva anayamba kuyaka imodzi ndi imodzi, iye akuwerenga. Anakwana asanu.

Kenako anakumbukira. Mwezi wathawo, asanasinthe pulogalamu yoyendetsa seva ya mageti, anaikopera pambali poopa kuti zinthu zingasokonekere, ndipo anaiwala kuizimitsa. Magetsi akathima n'kubwerera, yakaleyo inkadzuka yokha n'kulanda geti lakumbuyo la mgodi wina wa ku Marikana. Seva imeneyi sinamve za maliro. Kwa iyo Imrani anali akadali pantchito.

Safina anaseka yekha, mtima utakhala pansi, natambasula dzanja kuti aifufute. Dzanjalo linaima m'malere. Seva, kaya yakale kaya yatsopano, situmiza uthenga popanda munthu kudinda chala.

Anaimbira Che Abdallah, mkulu wa kumigodi amene anasambitsa mtembo uja. Analankhula monong'ona ngati m'chipindamo muli wina.

"Che Abdallah, pepani ndakudzutsani. Nkhope ya achimwene munaiona?"

Mkuluyo anati, "Mwanangu, mwala unagwera kumutu. Tinawerenga nambala ya pachipewa."

Safina ankadziwa bwino kuti anyamata osowa mapepala amabwerekana zipewa, majombo, ngakhale mayina, n'kulowa mobisala kumbuyo kwa anzawo. Mwina woikidwa uja anali wina wovala chipewa cha Imrani. Koma chala munthu sabwereka.

Nthawi itakwana foo koloko, mzere watsopano unatulukira pagalasi la kompyuta, dzina la Imrani lili pomwepo. Geti lija linkajambulanso aliyense wodinda, ndiye Safina anatsegula chithunzicho. Chinali chamdima, koma chipsera cha pachibwano, chomwe iye mwini anamupatsa ndi mwala ali ana, chinaoneka bwinobwino. Munthuyo analibe chipewa, ndipo ankayang'ana molunjika m'kamera.

Foni yake inayamba kulira patebulo. Anali Rukia.

"Alamu, wabweranso uthenga uja. Ndiuzeni zoona, munaika ndani?"

Safina anayang'ananso chipsera chija pachithunzipo, foni ili kukhutu.