Nsalu Yapepo pa Laputopu ya Paison

Dzuwa linali litangolowa kumene pa Bangula, amayi a nsomba akulongedza malichero awo, pamene Paison anatseka chitseko cha kashopu kake kuti amalize vidiyo ya maliro a Lorenso. Ntchito yake inali imeneyo: kujambula maukwati ndi maliro, kenako kulumikiza zithunzizo pa laputopu. Iyi anamutuma ndi abale a malemuyo, kuti mchimwene wawo wa ku Joni aone mmene anamuikira m'bale wake.

Maliro amenewo anali ndi chidani. Lorenso, wodula nzimbe ku esiteti, anadwala masiku awiri okha, ndipo mlongo wake Evelesi anali atalengeza kale kuti wamudya ndi mkazi wake, Clotilda. Evelesi analumbira kuti mawa lake, abale akangotha kuonera vidiyo, mlamu wakeyo atuluka m'nyumba chimanjamanja, ana awiriwo atsala. Umboni analibe. Anali ndi pakamwa pokha, koma pakamwa pake panali poti agalu amathawira kunsi kwa nkhokwe.

Laputopu ya Paison nayo inali ndi khalidwe lonyansa. Pakawindo koonera ntchito m'pulogalamu, zithunzi zinkatuwa ngati zathiridwa phulusa, mdima wonse n'kuyera. Akaika vidiyo yomweyo pa fulashi n'kukaonera pa TV, mdima unkabwerera wa bii. Pa foni zinkaonekanso mwina. Mitundu ndiye osanena: khoma loyera linkakhala lofiirira uku, lotuwa uko. Madzulo amenewo anayesa zonse. Anatsitsa kuwala kwa sikirini. Anasintha nambala za gama, kachida kamene kamaweruza kuti mdima ude bwanji. Anazimitsa, nayatsanso. Anaitukwana ndithu, ngati kuti imamva.

Ali mkati molimbana nazo, anafika pa gawo limene sanayenera kulijambula n'komwe. Akuluakulu anamuuza patsikulo kuti bokosi likatuluka, kamera isaloze khomo la siwa. Iye anavomera, koma pothamangira kukajambula kwaya ndi foni, anaisiya kamerayo pa choimikira chake cha miyendo itatu itapenya khomo lomwelo, ikujambulabe.

Pa foni khomolo linali mdima wokhawokha. Pa laputopu munkaoneka zonse.

Pa mphasa panali mayi mmodzi, atawerama, nkhope ili m'manja. Kumbuyo kwake kunaima mwamuna wovala ovolosi ya ku esiteti, dzanja lake lili pamutu pa mayiyo, likukanikiza. Bokosi linali panja, anthu akuliimbira. Paison anaimitsa chithunzicho. Phewa lopendekeka lija ankalidziwa. Anali Lorenso.

Paison anayang'ana nsalu ya mayiyo: yapepo. Aliyense ankakumbuka kuti tsikulo Clotilda anavala yapepo ya amayi a mpingo, pamene Evelesi anavala yabuluu. Abale akaona izi, nkhani yatha. Adzati malemu aloza yekha womupha, ndipo kumulanda ana kudzakhala kumuchitira chifundo.

Paison sanali munthu wolimba mtima, koma ana awiri aja anawaona kumanda, wamng'onoyo atagwira mwendo wa mayi ake. Anamumvera chisoni Clotilda. Anagwira kachida ka gama n'kuyamba kukokera kumdima, pang'onopang'ono, mpaka ovolosi ija inayamba kumira.

Go! Go! Go!

Chitseko cha malata chinanjenjemera.

"Ndani?" anafunsa Paison.

Kunali zii. Njinga za kabaza zimene zinkalira belu pamsewu zinali zitaleka. Kenako m'shopumo munalowa fungo la nzimbe zootchedwa. Munali mu Januwale, mvula ili mkati, nyengo imene palibe munda wa nzimbe umene amautentha.

"Ndati ndani? Tatseka!"

Mawu anabwera chapansipansi, pampata wa chitseko, ngati munthu wagwada.

"Leka kundidetsa."

Pansi pa chitsekocho panayamba kulowa timaphulusa takuda, topepuka, tija timagwa m'makomo ku Nchalo akatentha minda. Tinayenda pa simenti mpaka pa zala za kumapazi kwa Paison. Ankamva kupuma kwa munthu kuseri kwa lata, kolemera, kwa wotopa ndi chikwanje. Chimene chinamugwira sachidziwa, mwina mantha omwewo, koma anakokera kachida kaja mpaka kumapeto, khomo la siwa n'kuda bii. Kupuma kuja kunaleka. Atatsegula patapita nthawi, pakhonde panalibe munthu, ndipo pamsewu anthu ankangodziyendera.

M'mawa abale anasonkhana pabwalo la malemu. TV yobwereka anaiika patebulo pansi pa mtengo, ataimangirira ku batire ya galimoto. Clotilda anakhala kumapeto kwa mphasa ndi ana ake, palibe womuyankhula. Vidiyo inayenda bwino, amayi akusisima, mpaka pa gawo lija.

"Imitsa pomwepo!" anakuwa Evelesi. "Iwe Paison, khomo ili lada chonchi bwanji? Kwina konse kukuwala. Wabisa ninji?"

"Mayi, ndi mmene kamera inaonera. M'nyumba munali mdima."

"Nkhabe! Bodza! Wakudyetsa chiyani mfitiyu? Ndinakuona ukumuyang'ana kumanda. Bweretsa rimotiyo kuno, galu iwe!"

Anamulanda. TV imeneyo ankaidziwa, inali ya mnzake. Anakweza kuwala mpaka pothera, chithunzi chonse chinatuwa. Paison anadzilimbitsa mtima kuti zimene anazimiza sizingabwerere, pakuti pa ntchito yake mdima ukauphwanya chotero sumasunganso kanthu.

Koma zinabwerera. Poyamba mphasa. Kenako mayi wowerama. Kenako ovolosi, phewa lopendekeka, ndi dzanja lija.

Amayi anakuwa, ena anagwa chagada. Evelesi analumpha ndi chimwemwe choipa.

"Mwaona? Mwaona nonse? Mchimwene wanga waloza yekha! Amene wamugwira pamutuyo ndiye anamudya!"

Amalume a malemu, bambo wachikulire wosayankhulayankhula, anayandikira TV n'kuloza ndi chala.

"Evelesi," anatero mwapang'onopang'ono, "nsalu yabuluuyi anavala ndani tsiku lija?"

Pa TV nsaluyo inali yabuluu, yoti ngakhale mwana sangakane.

"Si ine! Ine ndinali panja! Ndinali pabokosi!"

"Panja sitinakuone," anatero mayi wina, amene dzulo lomwelo ankamuthandiza kutukwana Clotilda. Zikatere anthu sachedwa kutembenuka. Anamuzungulira. Wina anamuvula duku, wina anatola chikuni, mawu onse amene Evelesi anakonzera mlamu wake anamugwera yekha.

Paison anayang'ananso TV. M'mphepete mwa chithunzicho munkaoneka bambo mfumu ataima pafupi ndi bokosi. Kansalu kawo ka m'khosi, kamene amavala pa maliro, n'kapepo. Anakaona ndi maso ake tsikulo. Pa TV imeneyo nakonso kanali kabuluu.

Anatsegula pakamwa. Atatembenuka anapeza Clotilda akumuyang'ana, osaphethira, manja ake ali pamapewa a ana. Sanagwedeze mutu, sanapemphe kanthu. Paison anatseka pakamwa pake, Evelesi akukokedwa kupita kumsewu.

Evelesi anathawira kwa abale ena kutsidya la Shire, ndipo sanabwererenso. Clotilda akadali m'nyumba muja ndi ana ake. Pa Bangula amanong'onezana kuti wakufa sanama, anamugwira yekha mlongo wake pamaso pa anthu. Paison akamva zimenezo amangoti zoona, n'kupitiriza ulendo. TV ija imasandutsa pepo kukhala buluu, koma laputopu yakenso imathira kufiira pa chilichonse, moti buluu angathe kuoneka pepo. Wayesa pa masikirini asanu ndi limodzi. Atatu akuti Evelesi, atatu akuti Clotilda.

Clotilda akakumana naye pamsika amamupatsa moni mwaulemu, mpaka kugwada. Paison amayankha, koma nsomba zimene mayiyo amamutumizira sanadyepo ngakhale imodzi.